Wa pa khola, wa m'paketi, wa ufa kapena chambiko: mayi woyembekezera amwe mkaka uti?

Mayi akangodziwika kuti ndi woyembekezera, aliyense pakhomo amasanduka mlangizi wa zakudya. Apongozi akuti mazira ayi, mwana angabadwe wopanda tsitsi. Anansi akuti tsabola ayi. Ku sikelo anamwino akuti idyani magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo mazira okanidwa aja ali momwemo, mkakanso uli momwemo, m'gulu la zanyama. Anamwinowo akunena zoona. Koma mzere wa amayi ukafika mpaka pakhonde, ndani angaimitse anthu n'kufunsa kuti mkaka wake uti? Chonsecho mkaka umalowa m'nyumba zathu m'njira zambiri: wa pa khola, wa abambo a njinga aja amadutsa m'mamawa ndi chigubu, wa m'paketi ya m'firiji, wokhalitsa uja timati long life, wa ufa, chambiko, yogati. Kwa munthu wapakati njira zimenezi n'zosiyana kwambiri.

Poziyerekeza ine ndimafunsa zinthu ziwiri zokha. Kodi mkakawo unatenthetsedwa mokwanira kupha tizilombo? Nanga utachoka pamoto wakhala pati, kwa nthawi yaitali bwanji? Dzina la kampani ndi mtengo zimabwera pambuyo.

Chifukwa chake wapakati sangamwe ngati wina aliyense

Thupi la mayi woyembekezera limasintha kalimbanidwe kake ndi matenda kuti lisakane mwana amene ali m'mimba. Paja n'chifukwa chake malungo amavuta kwambiri amayi apakati, mpaka ku sikelo amapereka Fansidar ndi neti. Tizilombo tina ta m'zakudya timalowera pa mpata womwewo, ndipo koopsa kwambiri pa nkhani ya mkaka ndi ka Listeria. Bungwe loona za matenda la CDC la ku America limati mayi wapakati ali ndi mpata wodwala nako kuwirikiza pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi anthu ena.

Kuipa kwa kachilomboka n'koti mayiyo mwina sagona nako n'komwe. Thupi kutentha pang'ono, kuphwanya m'thupi, mwina kutsegula m'mimba, zimene aliyense anganene kuti ndi chimfine kapena malungo. Koma kamadutsa mu nsengwa n'kukafika kwa mwana, ndipo mapeto ake amatha kukhala kupita padera, mwana kubadwa masiku asanakwane, kubadwa wakufa, kapena kubadwa akudwala kwambiri. Kamaswana ngakhale m'firiji, momwe tizilombo tambiri timaleka kuswana. Matenda ake angaonekere patapita masabata angapo, nthawi zina miyezi iwiri, munthu ataiwala kalekale chimene anadya.

Amene anali ku Joni mu 2017 ndi 2018 akukumbukira. Anthu oposa 1,000 anadwala, oposa 200 anamwalira, ndipo gulu lalikulu la odwalawo linali la makanda amene anatengera kwa amayi awo. Gwero lake silinali mkaka, linali poloni wa pa fakitale ina ya ku Polokwane, ndipo boma la South Africa litalengeza zimenezi mu Malichi 2018, mayiko oyandikana nalo, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, analetsa nyama za mtundu umenewu kuchokera kumeneko. Choncho poloni, viyena ndi nyama zina zodya zozizira, mayi wapakati azitenthetse kaye mpaka zituluke nthunzi.

Mu mkaka wosaphika mumatha kukhalanso Brucella, kachilombo kamene kamapolozetsa ng'ombe ndi mbuzi. Mwa munthu kamabweretsa kutentha thupi kobwerabwera, thukuta la usiku ndi kuwawa kwa mfundo, koma akayezedwa malungo osapezeka. Mungakhalenso TB ya ng'ombe, ndiponso tizilombo ta m'ndowe monga Salmonella, Campylobacter ndi E. coli, timene timagwera m'ndowa pokama. Ng'ombe yonenepa, yosalala ubweya, ingakhale nato osaoneka.

Tonseti timafa ndi moto. Mawu aja amalembedwa pa mapaketi akuti "pasteurised" satanthauza kuti athiramo mankhwala. Mkakawo anautenthetsa pa madigiri 72 kwa masekondi 15, kapena pa madigiri 63 kwa mphindi 30, kenako n'kuuziziritsa msangamsanga. Njirayi inatenga dzina la Louis Pasteur, wasayansi wa ku France wa m'zaka za m'ma 1800. Pa mbaula sitingayeze madigiri 72, koma mkaka ukabwata wapitirira kale pamenepo.

Wa pa khola ndi wa pa njinga

Uwu ndiwo wotsika mtengo, wonona, ndipo kwa mabanja ambiri a ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi madera ena a ng'ombe za mkaka, ndiwo uli pafupi. Palibe chifukwa choti mayi wapakati ausiye. Chofunika n'chimodzi: asalawe ngakhale kapu imodzi usanawiritsidwe, kaya ng'ombeyo ndi yanu, kaya mwaona ndi maso anu akukama. Wa mbuzi chimodzimodzi.

Kuwiritsa kwake kulinso ndi malamulo ake. Usefeni kaye, muuthire m'poto woyera, muzitakasa kuti usapserere pansi. Ukafufuma musauphule nthawi yomweyo poopa kuti utayika. Chepetsani moto, upitirize kubwata mphindi imodzi kapena ziwiri mukutakasa. Ukagawanika pamoto, madzi paokha timibulu patokha, ndiye kuti unali utayamba kale kusasa, ndipo umenewo suyenera mayi wapakati.

Pali zolakwa ziwiri zimene zimachitika m'nyumba zaukhondo zomwe. China ndi kuthira mkaka wosaphika mu tiyi amene ali kale m'kapu, kapena m'phala litaphulidwa, poganiza kuti kutentha kwa tiyiyo kukwanira. Sikukwanira, chifukwa mkaka wozizirawo umatsitsa kutenthako nthawi yomweyo. China ndi kubwezera mkaka wowiritsa m'botolo lomwe unabweramo osalitsuka ndi madzi otentha. Makala onse aja apita pachabe.

Ukawiritsidwa, mkaka sukhalitsa popanda firiji, makamaka mu Okutobala. Gulani wokwanira tsiku limenelo, ndipo wotsala wa m'mawa ukafuna kumwedwa madzulo, ubwatenso kaye. Ena amadandaula kuti kuwiritsa kumapha zonse zopatsa thanzi. Mavitamini ena amachepa ndithu, koma kashiamu ndi mapuloteni, zimene timamwera mkaka, zimatsala.

Wa pa khola la munthu amene mukumudziwa ndi wa pa njinga sindimauika pamzere umodzi. Pa malo amene magulu a alimi amasonkhanitsira mkaka, monga a pansi pa bungwe la alimi a mkaka la SHMPA kummwera, mkaka amauyeza kaye usanalowe m'thanki yoziziritsira, kuona ngati wathiridwa madzi kapena wayamba kusasa. Wa pa njinga palibe amene wauyeza. Ogulitsa ambiri ndi anthu oona mtima ongofuna msika wolipira pompopompo, koma inu simudziwa kuti mkakawo unakamidwa nthawi yanji, chigubu anatsukira madzi a kuti, ndipo wayenda padzuwa maola angati. Moto umakonza zambiri mwa zimenezi. Chimene sungakonze ndi mankhwala. Ng'ombe ikabayidwa jakisoni wa matenda a bere, mankhwalawo amatulukira mu mkaka kwa masiku angapo, ndipo mkaka umenewo suyenera kumwedwa kapena kugulitsidwa ngakhale utabwata chotani. Mlimi amene mumadziwana naye mukhoza kumufunsa kuti, "Achimwene, ng'ombeyi siili pa mankhwala?" Wongodutsa pamsewu akuyankhani chimene mukufuna kumva.

Chambiko: pamene ambiri timapunthwa

Tiyi wa mkaka pafupifupi aliyense amawiritsa. Chambiko palibe amene amawiritsa, ndipo apa ndi pamene ine ndimaona dzenje lalikulu. Chambiko cha kumudzi chimapangidwa posiya mkaka wongokama kumene m'chikho kapena m'chigubu kuti usase wokha tsiku limodzi kapena awiri. Mabisi a ku Zambia ndi amasi a kumudzi ku South Africa amapangidwa mofanana. Amayi ambiri apakati amachilakalaka chifukwa cha kuwawasa kwake, makamaka miyezi ya nseru, ndipo ndi nsima yozizira chimatsika bwino pamene ndiwo zina zikukanika.

Akuluakulu amati kusasa kumapha zoipa zonse. Pali choonadi pang'ono: mkaka ukasasa tizilombo tina timafooka, tina timaleka kuswana. Koma Listeria, Brucella ndi TB ya ng'ombe zimatha kupulumuka, ndipo lilime silingakuuzeni chikho chabwino ndi choipa. Agogo akati "ife tinakula nacho", sakunama. Ambiri amamwa osadwala. Kungoti pathupi pakachoka pa miyezi isanu, palibe amene amaloza chambiko chimene chinamwedwa mwezi wathawo; anthu amaloza zina.

Chambiko cha m'sitolo, chopangidwa ndi makampani a mkaka, ndi nkhani ina. Amatenthetsa mkaka kaye, kenako n'kuthiramo tizilombo tabwino tosasitsa. Chimenecho mayi wapakati amwe, bola paketi ikhale yozizira, yosatupa, ndipo tsiku lake lisanadutse.

Njira yomweyo ingatheke pakhomo. Wiritsani mkaka, muuvundikire, uzizire mpaka ukhale wofunda chabe, woti dontho lake silikuotcha pa dzanja. Thiranimo masupuni awiri a chambiko cha m'sitolo kapena yogati wopanda shuga pa lita imodzi, takasani ndi supuni yoyera, vundikirani, muike pamalo ofunda usiku wonse. Wina akakuuzani kuti mkaka wowiritsa sugwira chambiko, umangowola, akunena zimene anaona: moto umapha tizilombo tosasitsa pamodzi ndi toipa, n'chifukwa chake pamafunika kuthiramo mbewu yatsopano. Mbewuyo isachokere m'chambiko cha mkaka wosaphika. Chikho chakale chija nachonso chipume kaye miyezi imeneyi, chifukwa chimasunga za mkaka wakale m'kati mwake. Botolo lagalasi kapena kontena yotsuka ndi madzi obwata ndiyo yabwino.

Chambiko chili ndi ubwino winanso. Akuluakulu ambiri kwathu kuno akamwa mkaka wamba m'mimba mumadzaza mpweya kapena kutsegula, chifukwa thupi limavutika kugaya shuga wa mu mkaka. Posasa shuga ameneyu amachepa, ndiye chambiko ndi yogati zimakhazikika bwino m'mimba mwa anthu otere.

Mapaketi awiri ofanana maonekedwe

M'masitolo muli mkaka wa makampani monga Lilongwe Dairy ndi Suncrest Creameries, ndi wina wochokera kunja. Anthu ambiri sasiyanitsa wa m'firiji ndi wa pa shelefu.

Wa m'firiji ndi uja wa madigiri 72. Tizilombo toyambitsa matenda tinafa, koma sikuti zonse zinafa, ndiye moyo wake wonse umadalira kuzizira: m'galimoto, m'sitolo, m'chikwama chanu, m'firiji yanu. Firiji iyenera kukhala pa madigiri 5 kapena kutsika. Ndi kuthimathima kwa magetsi, paketi ya m'kagolosale kopanda jenereta ingakhale itafunda ndi kuziziranso kangapo, tsiku lolembedwapo likadali kutali. Igwireni. Ikakhala yofunda kapena yotupa, isiyeni. Mukakayikira, kuwiritsa mkaka wa m'paketi si mlandu. Mukautsegula, uthe pa masiku awiri kapena atatu.

Wa pa shelefu, wolembedwa UHT kapena long life, anautenthetsa pa madigiri 135 kapena kupitirira kwa masekondi ochepa, n'kuutsekera m'paketi yosalowa mpweya. Ena amauopa, amati mkaka wokhala miyezi osasasa ndiye kuti ndi wa mankhwala. Ayi, chimausunga ndi moto uja ndi paketiyo. Kakomedwe kake n'kosiyana pang'ono, ngati wophika, koma kwa mayi wapakati wopanda firiji yodalirika, uwu ndi umene ndimauika patsogolo pa yonse pa nkhani ya chitetezo. Vuto lake ndi mtengo, ndiponso dzina lakelo limapusitsa. Paketi ikangodulidwa, kukhalitsa kwatha. Wasanduka mkaka wamba wofuna firiji. Ngati firiji mulibe, kapaketi kakang'ono komwa kamodzi n'kutha kaposa lita yotsegula yogona pa tebulo mpaka mawa.

Wa ufa, ndi zinthu zongofanana ndi mkaka

Mkaka wa ufa umapangidwa kuchokera ku mkaka wotenthetsa kale, sufuna firiji, ndipo mumasungunula wokwanira kapu imodzi. Ngozi yake ili m'madzi. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo phunziro la madzi silinathe. Sungunulirani m'madzi owiritsa kapena othira klorini, supuni ikhale youma, chitini chitsekedwe. Wosungunula kale asagone.

Chimene ndimadandaula nacho pa ufa si tizilombo kwenikweni, koma kuti amayi ambiri amamwa chinthu choyeretsa tiyi n'kumati amwa mkaka. Cremora ndi zina za mtundu wake n'zopangidwa makamaka ndi mafuta a zomera ndi shuga wa glucose. Sizidwalitsa, koma mafupa a mwana sapezamo kanthu. Pali ufa winanso umene anachotsamo mafuta a mkaka n'kuikamo a zomera. Umenewo kashiamu ulimo ndithu, koma si wofanana ndi wolembedwa kuti "full cream milk powder". Werengani paketi. Timapepala ta ufa toyeza pa supuni pamsika tilibe cholembedwa chilichonse, ndiye simudziwa kuti mwagula uti, ndipo wadutsa m'manja angati. Kondensi wa m'chitini ndi wotetezeka, koma pafupifupi theka lake ndi shuga, ndiye amene anauzidwa ku sikelo kuti shuga wawo wakwera amutalikire. Ufa wodula uja wojambulidwa mayi wapakati pachitini ulibe vuto, koma ndalama yomweyo ingagule mkaka wamba, mazira ndi usipa wa masabata angapo.

Yogati, tchizi ndi ayisikilimu

Yogati wa m'sitolo ali ngati chambiko cha m'sitolo: wabwino akakhala wozizira ndiponso wosadutsa tsiku. Wopangira pakhomo wogulitsa m'timabotolo, funsani ngati anawiritsa mkaka. Ayisikilimu wa m'kontena yotseka ya ku fakitale alibe nkhani, pokhapokha ngati anasungunuka n'kuumanso. Wa pa makina ofinyira m'kakoni ndi mafiriziti a mkaka opangira kunyumba, ine ndingadikire mpaka mwana abadwe, chifukwa simuona m'kati mwa makinawo.

Tchizi ndi nkhani ya a m'tauni ndi amene ali kunja. Malangizo a NHS, nthambi ya boma ya zaumoyo ku Britain, ndi omveka bwino: tchizi wolimba monga Cheddar ndi Parmesan adye, wofewa monga mozzarella, feta ndi cottage adye ngati ndi wa mkaka wotenthetsa, koma Brie, Camembert ndi tchizi wofewa wa mizere yobiriwira asadye ngakhale atalembedwa "pasteurised", pokhapokha ataphikidwa mpaka kutuluka nthunzi. Chinyezi cha tchizi wotereyu ndi malo abwino oswaniramo Listeria.

Nanga amene mkaka sangaukwanitse?

Mantha asapangitse munthu kusiya mkaka wonse, chifukwa mafupa a mwana amamangidwa ndi kashiamu. Mayi wapakati amafunika mamiligalamu pafupifupi 1,000 kapena kuposerapo pa tsiku, ndipo kapu ya mamililita 250 imapereka pafupifupi 300. Kashiamu amathandizanso pa vuto la kuthamanga kwa magazi kwa amayi apakati, lija limatupitsa nkhope ndi manja n'kufika pokomola. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti m'madera amene anthu amapeza kashiamu wochepa, amayi apakati azipatsidwa wa mapiritsi, magalamu 1.5 mpaka 2 pa tsiku. Mapiritsi amenewo ndi a chipatala kulamula, si ogula mwa nokha.

Koma mkaka si gwero lokhalo. Usipa, matemba ndi kapenta, zikadyedwa ndi mitu ndi minga yomwe, zili ndi kashiamu wambiri. Amene amadula mitu ya usipa amataya gawo labwino. Wouma mukhoza kuukazinga pang'ono, kuusinja, n'kumathira m'ndiwo zamasamba kapena m'phala. Bonongwe, mpiru, nkhwani, soya ndi nyemba zimawonjezerapo. Mayi wa ku Nkhotakota amene amadya usipa tsiku ndi tsiku asadzione wotsalira chifukwa sagula paketi ya mkaka.

Kanthu kena kamene ambiri sauzidwa: mapiritsi owonjezera magazi a ku sikelo sagwirizana ndi tiyi wa mkaka. Kashiamu wa mu mkaka ndi zina za m'masamba a tiyi zimatchinga ayironi kuti asalowe bwino m'thupi. Mwerani piritsi madzi, kapena mulitsatize ndi chipatso monga lalanje, bwemba kapena malambe, ndipo tiyi ndi mkaka zitalikirane nalo maola awiri.

Nyumba iti, mkaka uti

Kumudzi kumene khola lili pafupi, wa pa khola wowiritsa n'kumwa tsiku lomwelo ndi wokwanira, pamodzi ndi chambiko cha mkaka wowiritsa. M'tauni mopanda firiji, timapaketi ta long life kapena ufa weniweni ndi madzi owiritsa. Amene ali ndi firiji ndi magetsi odalirika angasankhe uliwonse wa m'sitolo. Wa pa njinga ndimauika kumapeto, wogula pamene palibe wina, ndipo ubwate mokwanira. Chambiko cha mkaka wosaphika chokha ndi chimene ndingati ayi osanyengerera, kaya apereka ndi apongozi. Apa abambo a kunyumba athandize kuyankhula, chifukwa mtengwa wokana chakudya cha apongozi yekha amaoneka wamwano, pamene mwana wawo akanena kuti "Amayi, ku sikelo anati tiziwiritsa kaye," nkhani imatha bwino.

Ngati mukuwerenga izi mutamwa kale mkaka wosaphika kapena chambiko cha kumudzi, musataye mtima. Ambiri sadwala, ndipo popanda chizindikiro chilichonse palibe mankhwala oti muthamangire kukagula. Ingotchulani pa sikelo yotsatira. Koma thupi likatentha, mukamaphwanya m'thupi, mukatsegula m'mimba, mukaona magazi kapena madzi, kapena mwana akachepetsa kusewera m'mimba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Akakuyezani malungo n'kupezeka mulibe, musangonyamula Panado n'kubwerera. Auzeni adokotala kuti mwezi uno kapena wathawu munamwa mkaka wosawiritsa, chifukwa Listeria ali ndi mankhwala ake, ndipo akayambidwa msanga amatha kuteteza mwanayo.